Kudanitsa mwana ndi kholo lake

Uwu ndi mchitidwe umene kholo limodzi, makamaka banja likatha, limanenera linzake zoipa kwa mwana, kumuletsa kukacheza, kapena kubisa mphatso ndi mauthenga, mpaka mwanayo kuyamba kukana bambo kapena mayi ake popanda chifukwa chomveka. Amayi ndi abambo omwe amachita zimenezi, ndipo wovutika kwambiri amakhala mwana.

Amene anatchukitsa nkhaniyi ndi Richard Gardner, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, mu 1985. Iye ankati awa ndi matenda a mwana, ndipo poyamba ankaloza chala amayi. Mkangano unayambira pamenepo. Buku la madokotala a maganizo la DSM-5, lotuluka mu 2013, silinavomereze kuti ndi matenda, ndipo mu 2020 bungwe la WHO linachotsa dzina la mchitidwewu m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11. Mu 2023 Reem Alsalem, wofufuza wa United Nations pa nkhanza zochitira amayi ndi atsikana, anachenjeza kuti m'makhoti ena abambo ankhanza amabisalira ku ganizoli, n'kulanda ana kwa amayi amene adandaula za nkhanzazo. Ku Brazil kuli lamulo la mu 2010 lolimbana ndi mchitidwewu, koma nalonso ambiri akulitsutsa.

Kuno kwathu mwambo umaloŵererapo. Pa chikamwini, bambo akachoka pamudzi amatha kutalikitsidwa ndi ana poti ndi a kuchikazi. Kumene kuli lobola, amene amasiya ana nthawi zambiri ndi mayi. Malamulo a Malawi amatsogoza ubwino wa mwana. Choncho mwana akakana kholo, ankhoswe ndi khoti ayambe afufuza ngati panalibe nkhanza asanaweruze kuti wina wamudanitsa.