Kuchokera ku Mikuyu kufika pa Gawo 33

Pa 25 Sepitembala 1987, apolisi adalowa mu Gymkhana Club ku Zomba n'kutulukamo ndi a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College. Mlandu sadawauze, kukhoti sadapite nawo. Adakawatsekera ku ndende ya Mikuyu, komwe adakhala zaka 3 ndi miyezi 7, kufikira Meyi 1991.

Chowawa pa nkhaniyi n'chakuti lamulo la nthawi imeneyo linkalola zoterezi. Malamulo aakulu a dziko a 1966 adachotsa ndime zoteteza ufulu wa munthu zomwe zidali m'malamulo a 1964, n'kukhazikitsa chipani chimodzi. Pofika 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adali mtsogoleri wamuyaya, ndipo boma linkatha kusunga munthu m'ndende popanda kumuzenga mlandu. Kamuzu yemweyo ankanyadira maphunziro, mpaka adamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Wophunzira ankamufuna, koma wophunzira wofunsa mafunso ankamuona ngati njoka m'udzu. Mphunzitsi akamalemba pa bolodi ankadziwa kuti pakati pa ana ake pangakhale khutu la boma.

N'chifukwa chake amene adalemba malamulo atsopano, Amalawi atasankha zipani zambiri pa 14 Juni 1993, sadaiwale kalasi. Gawo 33 la malamulo a 1994 limatchula ufulu wophunzitsa ndi kufufuza mosaopa, pamodzi ndi ufulu wa chipembedzo ndi wa maganizo. Gawo 5 likuti chilichonse chimene boma lachita mosemphana ndi malamulowa n'chopanda mphamvu. Kwa ine, mawu amenewa adalembedwa ndi misozi ya ku Mikuyu.

Padatha zaka 17 kuti mawuwo ayesedwe pamoto. Pa 12 Febuluwale 2011, mkulu wa apolisi m'dziko muno, a Peter Mukhito, adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College. Chomwe adawaitanira ndi chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu ndi mavuto amene adautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Ganizirani bwino: mawu olankhulidwa kwa ana asukulu okhala ndi makope ndi zolembera adayenda mpaka kukafika pa tebulo la mkulu wa apolisi. Khutu lija lidali lisadachoke.

Aphunzitsi adaika choko pansi. Adapempha zinthu ziwiri zokha: chipepeso, ndi chitsimikizo chakuti m'kalasi simudzakhalanso akazitape. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adayankha poyera kuti a Mukhito sapepesa. Akuluakulu a yunivesite adatseka koleji n'kuchotsa ntchito aphunzitsi anayi: a Chinsinga, a Jessie Kabwila-Kapasula omwe ankatsogolera bungwe la aphunzitsiwo, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin. Nduna ya zamaphunziro pamene mkanganowu unkayamba idali a Peter Mutharika, pulofesa wa zamalamulo amene adaphunzitsa zaka zambiri ku America, ndipo zimenezi zimandipwetekabe mtima.

Koma apa panali posiyana ndi 1987. Aphunzitsi adathamangira kukhoti, khoti lidaletsa kuwachotsa ntchito, ndipo palibe amene adagona ku Mikuyu. Mtengo wake adaulipira ndi ana asukulu. Miyezi yoposa 8 sankaphunzira, makolo amene adagulitsa fodya ndi mbuzi kuti alipire fizi akungowayang'ana pakhonde. Kholo lotere likamadandaula kuti ophunzira kwambiri amangokangana zawozawo, sindingaliweruze. Komabe mwana wakeyo akadabwerera m'kalasi ya mphunzitsi wamantha, fiziyo ikadagula chiyani?

Kumapeto kwa Okutobala 2011, a Bingu adalamula kuti anayi aja abwerere pantchito, n'kulonjeza kulemekeza ufulu wa aphunzitsi. Maphunziro adayambiranso mu Novembala, a Mukhito asadapepese.