Kuchoka ku Luanshya mpaka pa kabotolo kopanda dzina

Tonse tiudziwa usiku wa mu October m'komboni. Malata atentha, udzudzu ulila kukhutu, ndipo nsikidzi zatuluka m'mphepete mwa matilesi. Kukacha timathamangila ku msika kwa uja amagulitsa mankhwala a makoswe, na kugula kabotolo kopanda dzina chifukwa watiuza kuti ni kamphamvu. Nkhondo iyi siinayambe na ife. Tikayang'ana mmene inayendela, tingaone kuti mankhwala amphamvu akhala akutikhumudwitsa kangapo.

Kumapeto kwa ma 1920, pamene anali kutsegula mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, maleliya inali kupha anchito ambili. Anthu anali kukamba kuti mu mtsinje wa Luanshya muli chinjoka chimene chidya anthu, ndipo ena anali kuthawa nchito. Eni mgodi anaitana Malcolm Watson, dokota amene anali atalimbana na maleliya ku Malaya. Panthawiyo kunalibe DDT. Anchito anakumba ngalande zochotsa madzi m'madambo, anawongola mtsinje kuti madzi aziyenda, anadula tchile, na kuthila mafuta pa madzi oima kuti ana a udzudzu afe. Patapita zaka zochepa, imfa za maleliya zinatsika kwambili. Anapambana chifukwa anaononga malo amene udzudzu unali kuswelana.

Mu 1939, Paul Müller wa ku kampani ya Geigy ku Basel anapeza kuti DDT imapha tizilombo. Mu nkhondo yachiwili ya dziko lonse anaifumbila anthu m'zovala ku Naples kuti aphe nsabwe zofalitsa matenda a typhus, ndipo mu 1948 Müller analandila mphoto ya Nobel. Nkhondo itatha, DDT inafika ku Copperbelt na m'matauni ena. Ukafaifa khoma kamodzi, udzudzu, mphemvu na nsikidzi zinali kufa kwa miyezi.

Chisangalalo sichinakhalitse. Ma 1940 asanathe, ku Hawaii anapeza nsikidzi zimene DDT inali kulephela kupha. Mankhwala amapha zofooka, zolimba zimatsala na kubala ana olimba ngati izo. Ndiye mu 1962 Rachel Carson analemba buku la Silent Spring, kuonetsa kuti DDT siimaola msanga: imakhala m'nthaka, m'nsomba, m'mbalame na m'mafuta a thupi la munthu. America inailetsa pa ulimi mu 1972. Pangano la ku Stockholm la mu 2001 linailola chabe pa nchito yolimbana na tizilombo tofalitsa matenda monga maleliya.

Kuno kwathu, Konkola Copper Mines inayambanso kufaifa manyumba ku Chingola na ku Chililabombwe mu 2000, ndipo boma linakulitsa nchitoyi m'madela ena. Maleliya inachepa. Koma cha m'ma 2010 akatswili anapeza kuti udzudzu wa m'madela ena wazolowela DDT na mankhwala a mtundu wa pyrethroid, ndipo anayamba kusinthasintha mankhwala.

Akatswili akaona kuti mankhwala aleka kugwila, amapima na kusintha. Ife tikaona kuti nsikidzi sizikufa, timaonjezela mlingo. Ena amatenga mankhwala a m'dimba monga dichlorvos na kuwaza pa matilesi pamene mwana azagona. Mankhwalawa amalowa kupitila pakhungu na m'mpweya. Munthu amayamba kutuluka dovu na thukuta, kusanza, na kubanika. Ena amaika m'chipinda mapilisi osungila chimanga. Aja amatulutsa mpweya wa phosphine, umene ungaphe banja lonse lili m'tulo, ndipo kuchipatala kulibe mankhwala ousukulutsa. Kuyambila mu 2011, ZEMA ndiyo imayang'anila mankhwala ophela tizilombo m'dziko muno, koma kabotolo ka dilinki kothilidwamo poizoni sikauza munthu zimene zili mkati, ndipo mwana amaona ngati ni chakumwa.

Zimene anachita ku Luanshya zingagwile nchito na m'chipinda chathu cha lendi. Nsikidzi zimabisala m'ming'alu ya khoma, m'malumikizo a bedi na m'misoko ya matilesi. Kutentha kopitilila madigili 50 kumazipha pamodzi na mazila ake, choncho tichape zofunda na madzi otentha, tisite misoko na nsimbi, timate ming'alu. Mazila amaswa pakapita wiki imodzi kapena kupitililako, ndiye tibwelezenso nchitoyi. Tikambilane na aneba na alandilodi, chifukwa nsikidzi zimadutsa khoma. Mphemvu tizimane chakudya na madzi usiku. Tikagula mankhwala, akhale a m'nyumba, okhala na dzina na malangizo, ndipo tiwasunge kutali na ana. Wina akamwa kapena akabanika, tisam'sanzitse. Tithamange naye ku kiliniki, botolo lili m'manja, kuti adokota adziwe chimene alimbana nacho.