Adiresi ndi IRQ pa khadi la serial

Khadi lakale la serial, la mtundu wa ISA, linkafuna kuti woliika ayankhe mafunso awiri asanatseke chivindikiro cha kompyuta. Purosesa ilipeza pati khadili? Nanga khadilo liitana bwanji purosesa likakhala ndi uthenga? Yankho la funso loyamba ndi adiresi, la lachiwiri ndi IRQ. Anthu ambiri amatchula ziwirizi ngati chinthu chimodzi, ndipo ine ndimaona kuti mavuto ambiri amayambira pa kusazisiyanitsa kumeneku.

Mtima wa khadili ndi kachipangizo kotchedwa UART, kamene kamalandira byte yathunthu n'kumaitumiza pa waya bit imodziimodzi. Pa IBM PC ya mu 1981 kanali 8250 kopangidwa ndi National Semiconductor. Kuti purosesa ilankhule nako, kamapatsidwa maadiresi 8 otsatizana, olembedwa m'manambala a hexadecimal. Tikati port ili pa 3F8, ndiye kuti yatenga malo kuyambira 3F8 mpaka 3FF: pa 3F8 m'pamene pamadutsa uthenga weniweniwo, pomwe pa 3FD purosesa imafunsirapo ngati kwafika kanthu kapena ngati china chalakwika. Mwambo unakhazikika wakuti COM1 ikhale pa 3F8, COM2 pa 2F8, COM3 pa 3E8 ndipo COM4 pa 2E8.

Dzina lakuti COM1 silikhala m'khadi ayi. BIOS ikamadzutsa kompyuta imayendera maadiresiwa n'kumalemba ma port motsatira mmene yawapezera, choncho makina okhala ndi port imodzi yokha pa 2F8 akhoza kuitcha COM1 mu DOS. Linux imayamba kuwerenga pa ziro, n'chifukwa chake 3F8 imatchedwa ttyS0.

IRQ ndi njira yobwerera. Zili ngati mu wodi ya kuchipatala: nambala ya bedi imathandiza namwino kupeza wodwala, koma wodwalayo akafuna thandizo amaliza belu. Popanda belulo, purosesa iyenera kumangofunsafunsa ngati kwabwera uthenga, ntchito zina zitaima. Mawaya oitanirawa amathera pa kachipangizo ka Intel 8259, kokhala ndi mizere 8 yokha. IBM AT ya mu 1984 inawonjezera kachiwiri, koma IRQ 2 inatha ndi ntchito yolumikiza tiwirito. Mizere ina inali ndi eni ake kale: 0 ya wotchi ya makina, 1 ya kiyibodi, 6 ya floppy, 7 ya printer. Ma port a serial anatsala ndi iwiri, 4 ndi 3.

Apa m'pamene pagona nkhani. Maadiresi alipo anayi, mizere iwiri. COM3 imagawana IRQ 4 ndi COM1, COM4 imagawana IRQ 3 ndi COM2. Pa ISA, 8259 imazindikira kuitana pokhapokha magetsi a pa mzere akakwera kuchoka pansi, ndiye khadi lina likakhala litaukweza kale, kuitana kwa linzake sikumveka. Munthu woika mausi pa COM1 ndi modemu pa COM3 ankaona mausi ikuuma modemu ikangoyamba ntchito, ngakhale maadiresi onse anali olondola. Mankhwala ake anali kusamutsira modemu ku COM2 kapena COM4, kapenanso kuipatsa IRQ 5 ngati khadi la mawu la Sound Blaster silinautenge kale.

Zizindikiro zake zimasiyananso, ndipo wokonza makina amene wagwira mfundoyi sataya nthawi. Adiresi ikalakwika, port siipezeka n'komwe. IRQ ikalakwika, port imaoneka bwinobwino, koma zilembo zimabwera mochedwa kwambiri, m'timagulu, kapena osabwera.

Kusankha kwenikweni kunkachitika ndi zala, posuntha ma jumper, tizitsekero tating'ono tolumikiza timano tiwiri ta pa khadi, kapena pokankha timaswitchi ta DIP. Mfundo imene ndimafuna wophunzira aliyense aisunge ndi iyi: pulogalamu ya setserial mu Linux sisintha khadi. Imangouza driver zoti ayembekezere. Mukalemba kuti IRQ ndi 5 pamene jumper ili pa 4, driver azidikira pa mzere umene palibe akuitana.

Kuchuluka kwa kuitanaku kunadzakhalanso vuto palokha. Pa liwiro la ma bit 115200 pa sekondi, ma byte oposa 11,000 amafika pa sekondi imodzi, ndipo 8250 imaitana purosesa pa byte iliyonse. Purosesa ikachedwa pang'ono, byte yatsopano imafufuta yakale. UART ya 16550A inabwera ndi FIFO, kankhokwe kosunga ma byte 16, kotero ikhoza kudikira afike 8 kapena 14 isanaitane.

PCI itabwera mu 1992, makadi anayamba kugawana mzere umodzi popanda kulimbana, ndipo makina amagawa okha maadiresi. Koma masikelo, makina a m'mafakitale ndi ma router ambiri akulankhulabe kudzera pa serial ya mtundu wa RS-232. Khadi la PCI kawirikawiri limapatsidwa adiresi yakutali ndi 3F8, ndipo waya wosinthira USB kukhala serial alibe adiresi yotereyi n'komwe. Pulogalamu yakale ya DOS yolemba mwachindunji pa 3F8 siingaipeze port yotero.