Tanthauzo la Mawu Akuti Bouchon

M'Chifalansa cha tsiku ndi tsiku, mawu akuti bouchon amatanthauza chotsekera pakamwa pa botolo, koma mumzinda wa Lyon ku France amatanthauzanso kanyumba kodyeramo komwe amaphikamo zakudya zamakolo za m'deralo. Ambiri amakhulupirira kuti dzinali linachokera ku kamtolo ka nthambi kapena udzu kamene ogulitsa vinyo ankapachika pakhomo ngati chizindikiro. Ulemu wa malowa uli m'zakudya zake zokhutitsa, zomwe amisiri oluka nsalu za silika ankazikonda, monga andouillette, soseji ya matumbo a nkhumba, ndi quenelle, nsomba yopera yosakaniza ndi ufa ndi mazira. Vinyo amabwera m'botolo lochindikala kunsi la masentilita 46, muyeso umene eni mzindawo akuusungabe mpaka lero.