Ufa, makala ndi nkhope za pa kanema

Kale ku Ndirande, mnyamata akapatsidwa mbali ya nkhalamba m'sewero, zipangizo zake zinkachokera kukhitchini. Ufa woyera kumutu, imvi zatheka. Khala linkajambula ndevu ndi makwinya, mwaye wa pamphika n'kudetsa dzino kuti lioneke ngati linaguluka. M'gulu la zisudzo la kutchalitchi kwathu ntchito yopaka anzanga inali yanga, ndipo anthu ankamuzindikira gogoyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Lusoli ndi lathu lomwe: zilombo za Gule Wamkulu zakhala zikutuluka kudambwe zitadzola matope ndi phulusa kuyambira makedzana.

Pasiteji zonsezi zinkadutsa, poti woonera amakhala patali. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi a Kwathu Drama Group, ankadzaza French Cultural Centre ndi mphamvu ya pakamwa. Wailesi ya kanema ya TVM itayamba kuulutsa mu 1999, kamera inafika pafupi ndi nkhope, ufa n'kuyamba kuoneka kuti ndi ufa ndithu.

Nyengo yomweyo mavidiyo sho a ku Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri anadzaza ndi mafilimu a ku Nigeria. Achinyamata ojambula makanema m'makwalala anatengera zonse: magazi a tomato sosi, maso ofiira psuu, mfiti yopakidwa choko. Apa mpamene mtima umandiwawa. Mfiti ya m'makanemawo kawirikawiri inkakhala gogo wamakwinya, pomwe m'dziko muno okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti. Dzanja lopaka nkhope limaphunzitsa mwana munthu woti azimuopa.

Filimu ya Shemu Joyah ya 2017, The Road to Sunrise, inandionetsa njira ina. Ikukamba za Rubia ndi Watipa, amayi oyendayenda m'matauni a Blantyre. Kwa mayi wotere kudziphoda ndi mbali ya ntchito, choncho nkhope yake ya usiku ndi nkhope yake ya m'mawa zimafotokoza moyo wake wonse popanda wolankhula. Mu 2018 filimuyi inapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos, monga yoposa zonse kumwera kwa Africa.

Lero atsikana ophoda akwatibwi m'masaluni a ku Chilomoni amatha kupanganso chipsera kapena chotupa chokhulupirika. Inu opanga mafilimu, aitaneni pomwe mukuwerenga nkhani koyamba, muwalipire, ndipo mayina awo alembedwe kumapeto kwa filimu.