Ku Ilha de Moçambique, kumene minyanga ya Amaravi inkathera

Ena mwakhala mukundifunsa za ulendo wanga wa ku Mozambique wa pa tchuthi chachikulu cha mu 2019. Lero ndati ndikhale pansi ndikufotokozereni bwinobwino.

Ndiyambe ndi kuulula. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa za ufumu wa Maravi. Ndinkajambula mapu pa bolodi, kulemba Mankhamba, Manthimba, Kalonga, Undi ndi Lundu, kenaka n'kukoka muvi wolozera kum'mawa ndi mawu akuti "minyanga inkapita kunyanja". Muviwo unkathera pamene pathera bolodi. Palibe mwana amene anandifunsapo kuti kunyanjako kunali chiyani, ndipo inenso ndinali ndisanadzifunsepo. Ulendo uwu unali wolondola muvi umenewu.

Tinatulukira pa Chiponde, kulowa Mandimba, n'kukagona ku Cuamba. Kusanache tinakwera sitima ya ku Nampula ndipo tinakhalamo tsiku lathunthu. Pa masiteshoni amayi ankatsatsa malonda m'Chimakua, ine n'kumatolako mawu apo ndi apo chifukwa agogo anga anali Alomwe, ndipo zilankhulo ziwirizi n'zapachibale. Kuchoka ku Nampula ndi makilomita pafupifupi 180 pa minibasi. Pomaliza mumawoloka mlatho wopapatiza wa m'zaka za m'ma 1960, wotalika makilomita oposa atatu.

Chilumbacho n'chaching'ono zedi. M'litali ndi makilomita atatu, m'lifupi pafupifupi theka la kilomita pamene chatambalala. Koma kachilumba kameneka ndi kamene kanapatsa dzina dziko lonse la Mozambique, ndipo kanali likulu la Apwitikizi mpaka mu 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo. Vasco da Gama atafika mu 1498 anapeza kale amalonda achisilamu ali ndi shehe wawo ndi zombo zawo. Apwitikizi anakhazikika mu 1507. Zombo zawo zopita ku India zinkafuna podikirira mphepo, pokonzera zowonongeka ndi potsitsira odwala.

Tsiku loyamba tinapita ku linga la São Sebastião, kumpoto kwenikweni kwa chilumba. Anayamba kulimanga mu 1558 ndipo ntchito inatenga zaka pafupifupi 50 kapena kuposa. Makoma ake ndi okhuthala, mizinga ikadali pamwamba. Adatchi analizinga kawiri, mu 1607 ndi mu 1608, koma analephera kulilanda. Kuseri kwake, pansonga penipeni, kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kamene kamatchulidwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri ya Azungu imene ikadaimabe kum'mwera kwa ikweta.

Anzanga anatanganidwa ndi kujambulitsa pa mizinga. Ine chimene chinandiimika ndi ngalande. Madenga a m'lingamo anamangidwa moti dontho lililonse la mvula litsetserekere m'thanki lalikulu la miyala. Chifukwa chake n'chakuti pachilumbapo palibe mtsinje. Minda nayo palibe. Chakudya chinkabwera pa ngalawa kuchokera kumtunda, ku Mossuril ndi ku Cabaceira. Apa ndi pamene funso linandigwira. Malo opanda madzi, opanda munda, opanda mgodi, chuma chomangira zonsezi ankachitenga kuti?

Funsoli linakula titalowa m'nyumba yachifumu ya São Paulo tsiku lachiwiri. Ndi nyumba yofiira yoyang'ana kudoko. Inamangidwa mu 1610 ngati koleji ya ansembe a Chijezwiti. Iwo atathamangitsidwa mu 1759, inasanduka nyumba ya bwanamkubwa, ndipo lero ndi yosungiramo zinthu zakale. M'katimo muli mipando ndi mabedi osemedwa ku Goa, mbale za ku China ndi zina za ku Portugal. Chilichonse chinabwera pa chombo, ndipo chombo sichinkabwerera chopanda kanthu.

Yankho lili kumtunda, ndipo gawo lina lili kwathu kuno. Apwitikizi anabwera akulota golide wa ku Sofala ndi wa kwa Mwene Mutapa, koma golideyo sanachuluke monga ankayembekezera. Chimene chinagwira malonda ndi minyanga ya njovu, imene ku India ankaifuna kwambiri popanga zibangili za akwatibwi. Apa ndi pamene Amaravi akulowa m'nkhani. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, poyenda pansi kuchoka ku Tete kupita ku Kilwa, anachereredwa ndi mfumu Muzura. Mu 1622 Muzura, mothandizidwa ndi Apwitikizi, anagonjetsa Lundu wa ku chigwa cha Shire. Pofika mu 1635 zolemba za Apwitikizi zinkati mphamvu zake zafika mpaka kugombe la pafupi ndi chilumbachi. Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati Muzura anali Kalonga weniweni kapena mfumu ina imene inadzikuza yokha, koma za njira ya malondayo sakangana. Amaravi atafooka, Ayao ndi amene anaitenga njirayi, ndipo m'zaka za m'ma 1700 magulu awo ndiwo ankatsitsa minyanga yambiri ku Mossuril.

Taganizani. Kuchokera kum'mwera kwa nyanja ya Malawi kukafika kugombeli ndi makilomita pafupifupi 600 mukayeza molunjika. Ife pa sitima ndi pa minibasi tinafika titatopa. Iwo ankayenda pansi, mnyanga uli paphewa, ndipo waukulu unkaposa makilogalamu 30.

Nanga pobwerera ankasenza chiyani? Yankho ndinalipeza pa kachisi wa Ahindu, kanyumba kobisala kuseri kwa mpanda koti mukhoza kukadutsa osakaona. Mu 1686 boma la Apwitikizi ku Goa linapatsa gulu la amalonda achimwenye a ku Diu ufulu wochita okha malonda pakati pa Diu ndi chilumbachi. Amwenye amenewa ndiwo ankabweretsa nsalu za ku Gujarat ndi mikanda. Bwanamkubwa anali ndi mizinga, koma nsalu ndiyo inali ndalama ya kumtunda, ndipo Apwitikizi ambiri ankakongola kwa Amwenye. Nsalu imene inkafika kwa mafumu a kwathu inkadzera m'manja mwa anthu opemphera m'kachisi uyu. Pang'ono kuchokera pamenepo, m'mbali mwa nyanja, muli mzikiti wobiriwira, chikumbutso chakuti eni chilumbachi ambiri ndi Asilamu ngati amene da Gama anawapeza.

Ndikanakonda nkhani ithere pa minyanga ndi nsalu. Koma tsiku lachitatu tinalowa mu Jardim da Memória, munda wa chikumbutso umene uli pamalo pamene ankasungira akapolo podikira zombo. M'zaka za m'ma 1700 Afalansa anayamba kugula anthu okagwira ntchito m'minda ya pa zilumba za Mauritius ndi Réunion. Kenaka kunabwera zombo za ku Brazil ndi ku Cuba. Chimodzi chikudziwika bwino. São José inanyamuka pachilumbachi mu December 1794 ndi anthu oposa 500 kupita ku Maranhão ku Brazil. Inasweka pa miyala pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 anamira, ndipo amene anapulumuka anagulitsidwa konko. Zoti zotsalira za chombochi zapezeka zinalengezedwa mu 2015. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri.

Akapolo ambiri ochokera m'dera la nyanja yathu ankatengeredwa ku Kilwa, ena ku Quelimane, koma analipo amene anatsika njira ino pamodzi ndi Amakua ndi Alomwe. Ndipo apa pali chinthu chimene timachizemba m'kalasi. Mphamvu za linga lija sizinkafika kutali kumtunda. Mafumu a Amakua ankatha kutseka njira ndipo Apwitikizi ankavutika nawo. Ndiye anthu ambiri amene ankafika kugombe ali m'magoli ankabweretsedwa ndi Aafirika anzawo, pofuna nsalu, mfuti ndi onga. Timakonda kuloza Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga popeza anali alendo. Wogula anali ndi mlandu waukulu, izi sindikuzichepetsa. Koma wogulitsa nthawi zambiri anali wa mudzi woyandikana nawo, ndipo mwana wa Fomu 3 ndi wamkulu mokwanira kuti amve zimenezi.

Madzulo omaliza tinayenda kum'mwera kwa chilumba, ku Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri m'nyumba zothithikana. Mukaima pamsewu mumayang'ana madenga ali m'munsi mwanu. Malowo ndi otsika chifukwa miyala yomangira tauni ya kumpoto inakumbidwa pamenepo. Ena anatenga miyala, ena anatsala m'dzenje. UNESCO inaika chilumba chonse pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko mu 1991. Pa makoma pali mayina a abwanamkubwa ndi akapitawo a nkhondo, pabwalo pali chiboliboli cha Vasco da Gama. Dzina la wophwanya miyala, wowotcha laimu kapena wosenza mnyanga sindinalione paliponse.

Sukulu itatsegulidwa ndinasintha kajambulidwe. Mapu ndimawachepetsa kuti gombe likwane pa bolodi, ndipo ndimakoka mivi iwiri, wina wotsika ndi minyanga ndi anthu, wina wokwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Tsiku loyamba mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye amene ankasenza minyangawo ankabwerera kwawo?" Ndinamuyankha kuti ena ankabwerera ndi nsalu, ena ankagulitsidwa pamodzi ndi katundu amene anasenza. M'kalasi munangoti zii, ndipo belu litalira palibe anathamangira kukhomo.

Aphunzitsi anzanga amene mungathe kusunga kangachepe, njira ndi yomweyo ya pa Chiponde. Inu ana anga akale amene ndinakulembetsa manotsi a muvi umodzi, mundikhululukire. Muvi wachiwiriwo mukawonjezere nokha.