Cholembera m'manja mwa amayi a ku Ntcheu

Pa 8 Sepitembala chaka chilichonse, likafika tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga, olankhula pamisonkhano amakonda kunena kuti amayi akumudzi anayamba kudziwa zilembo pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya sukulu za kwacha m'dziko lonse mu 1986. Chakacho n'choona. Koma amene anakulira ku Ntcheu n'kuonapo agogo ake akutsegula buku la nyimbo long'ambika chikuto, chala chikutsata mzere, akudziwa kuti ntchitoyi inayamba kalekale, ndipo inayambira m'tchalitchi.

Ntcheu inalandira amishoni ochuluka m'zaka zochepa. A Livingstonia anatsegula siteshoni m'chigwa cha Livulezi m'zaka za m'ma 1880, n'kudzaisiya m'manja mwa a Dutch Reformed, omwe mu 1902 anamanga ku Mlanda. Mu 1893 mishoni ya Blantyre inatumiza Harry Kambwiri Matecheta ku Nthumbi, ndipo pambuyo pake mbusayu anatumikira zaka zambiri ku Bemvu. A Zambezi Industrial Mission anakhazikika ku Ntonda, Chiole ndi Dombole, a Baptist Industrial Mission ku Gowa. Mu 1901 ansembe a Montfort anafika ku Nzama, m'dera la mfumu Njobvuyalema, patangopita zaka zisanu asilikali a atsamunda atapha Inkosi Gomani woyamba mu 1896. Paliponse pamene pankaimikidwa kachisi, pambali pake pankakhala sukulu ya udzu, ndipo nthawi zambiri nyumba yake inali imodzi yomweyo.

Mabuku a nthawi imeneyo adzaza ndi mayina a azibusa, ansembe ndi aphunzitsi aamuna. Amayi amaoneka ngati chiwerengero cha obatizidwa basi.

Chomwe chinakokera mayi wamkulu pa sileti chinali kalasi ya ubatizo. M'mipingo ya Chipulotesitanti wofuna kubatizidwa ankalimbikitsidwa kuti azitha kudziwerengera yekha Mawu, ndipo Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, kukhala nalo m'nyumba kunali ulemu waukulu. Koma panalinso chifukwa china chosalalikidwa paguwa. Amuna ambiri anali ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena kudzera ku Wenela. Kalata ikabwera, mayi wosadziwa kuwerenga ankaipereka kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wasukulu wa pakhomo lina, zinsinsi za banja n'kumveka mudzi wonse. Wowerengayo akakhala wamtima wopotoka, mzere wonena za ndalama ankangoulumpha. Yesero la wodziwa zilembo pakati pa osadziwa linayambira pamenepo.

Mu 1940 amayi a mbali ya Nkhoma anayamba Chigwirizano, ndipo a mbali ya Blantyre anadzakhala ndi Mvano. Ntcheu ili ndi magulu onse awiri. M'misonkhano yawo ya pakati pa sabata mayi ankapatsidwa ndime kuti awerenge anzake akumva, wodziwa n'kumathandiza wosadziwa, mkazi wa abusa kapena wa aphunzitsi akutsogolera.

Apa ndi pamene padatsala mpata womwe ukuvutitsa mpaka lero. Maphunziro a amayi ankalemera pa kuwerenga Baibulo, kusoka, ukhondo ndi kulera ana. Ngakhale ku Jeanes ku Domasi, komwe kuyambira 1929 aphunzitsi ankapita ndi akazi awo, mkazi ankakonzedwa kuti akhale chitsanzo cha pakhomo. Masamu ndi kusunga mabuku a ndalama zinkaoneka ngati za abambo. Motero panakula mbadwo wa amayi otha kupeza Masalimo popanda kufunsa tsamba, koma osatha kutsimikiza ngati sikelo ya wogula mbatata ya kachewere ku Tsangano ikunena zoona.

Ndondomeko ya 1986, yomwe inatsatira zoyeserera za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inafuna kutseka mpatawo pophatikiza kuwerenga, kulemba, masamu ndi nkhani za ulimi ndi zaumoyo. Makalasi ambiri ankakumana m'matchalitchi masana, ndipo odzaza mabenchi anali amayi. Abambo ankachita manyazi kulakwitsa chilembo pamaso pa apongozi. Koma ntchitoyi inatsamira pa alangizi ongodzipereka, olandira kandalama kochepa kobwera mochedwa. Dzinja likafika kalasi inkatha yokha, anthu ali kumunda. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, maso a onse anatembenukira kwa ana. Kalembera wa 2018 anapezabe kuti mwa akazi atatu alionse m'dziko muno, pafupifupi mmodzi sadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Kenaka kunabwera banki m'khonde.

Njirayi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo itafika kuno inamera msanga m'magulu a amayi a mpingo, chifukwa anali kale ndi tsiku lokumana, wapampando ndi pemphero lotsegulira. Malamulo ake ndi omveka. Ndalama zimakhala m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo likusungidwa ndi wachinayi. Aliyense ali ndi kabuku kake ka masheya. Ngongole imatengedwa gulu lonse likuona, ndipo pakutha pa chaka, nthawi zambiri mu Disembala pamene feteleza ndi fizi zikudikira, amagawana.

Malokowo amateteza ndalama za m'bokosi, koma ndalama zambiri za gulu sizigona m'bokosi. Zili kunja ngati ngongole, ndipo umboni wake wokhawo ndi kope la mayi mlembi. M'gulu la amayi makumi awiri, otha kutsata mizere ya chiwongoladzanja akhoza kukhala awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri ndi omwe aja anadutsa m'kalasi ya kwacha ya patchalitchi. Amasankhidwa chifukwa chodziwa kulemba komanso chifukwa chovala yunifolomu ya chigwirizano: munthu wopemphera sangabe.

Yesero lake silibwera ngati kuba. Limabwera madzulo pakhonde, ndi mlamu wako kapena mkazi wa mkulu wa mpingo. "Mayi mlembi, ingolembani kuti ndabweza, tomato akagulidwa ku Lizulu ndidzakonza." Limabwera ndi bambo a m'nyumba: "Iwe, si ndiwe ukusunga kope? Lembapo dzina la mchemwali wako, titenge ya feteleza." Kukana ndi kudana ndi abale, ndipo mawa pamaliro anthu akukhala nawe patali. Kuvomera n'kosavuta, chifukwa palibe amene adzaone. Mitengo ya zinthu ikakwera, monga zinachitikira ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, opempha otere amachuluka.

Mathero a kuvomerako manyuzipepala ndi mabwalo a mafumu awazolowera. Tsiku logawana lifika, maloko atatu atsegulidwa, ndalama za pamphasa n'kuchepa poyerekeza ndi za m'kope. Mayina ena a ngongole eni ake akuwakana. Nkhani ipita kwa anyakwawa, kenaka ku bwalo la mpingo, mlembi aimitsidwa Mgonero, mbuzi kapena malata zigwidwa. Gulu litha, ndipo nthawi zina kalasi yomwe inkakumana tsiku lomwelo imathera pomwepo. Paguwa ulaliki umakhala wa chikondi cha pa ndalama, ndipo ndi woyenera. Chosatchulidwa n'chakuti mayiyo anasenzetsedwa yekha katundu wa anthu makumi awiri kwa chaka chathunthu popanda womuyang'anira.

Alipo ambiri amene amakana, ndipo nkhani zawo sizifika m'nyuzipepala. Njira zawo ndi zapafupi: kope silitsegulidwa kunyumba, ngongole siyilembedwa pokhapokha gulu litakhala pansi, ndipo msonkhano usanatsekedwe ndi pemphero, mlembi amawerenga mokweza dzina lililonse ndi ndalama yake, mwini wake n'kuvomera. Magulu ena amasintha mlembi chaka ndi chaka. Lamulo limeneli limatheka pokhapokha patakhala mayi wina wotha kulandira cholemberacho, n'chifukwa chake kalasi ya kwacha ikhoza kuyambira pa kabuku ka masheya, wophunzira aliyense akuwonkhetsa ndalama zake zomwe.